Ngodya ya Kumpapaya

Okondedwa Amayi aang'ono,

Ndikhulupirira muli bwino ku Beirako. Kuno ku Bangwe tilipo, koma nyumba ndiye ayi. Chiyambire mvula ija yapendekera kumunsi, moti chitseko cha kuchipinda chikumatseguka chokha, ndipo khoma lang'aluka mpaka dzanja kumalowa.

Tinaitana a Duncan, amisiri omanga nyumba. Anabwera ndi kapaipi koonekera mkati, n'kuthiramo madzi, n'kumayeza khoma ndi khoma. Ine ndinangoti kukamwa yasa kuona madzi akutiuza ngodya yomwe yatitimira, ya kumpapaya ija. Anati akumba pansi pa fawundeshoni kuti atsireko miyala ndi konkire.

Atakumba anati dothi lake n'lofewa, ngati wina anakumbapo kale n'kukwirira. Kenako fosholo inatulutsa kachidutswa ka shawelo ya mwana. Amayi anangokhala pansi pomwepo. "Kwirirani," anatero. "Nyumbayi igwe, koma simenti pamenepo ayi."

Ndikawafunsa akumangondiuza za kukwera kwa makala. Inu munkakhala nawo pano bambo asanamange nyumbayi. Kodi ineyo ndinedi mwana wawo woyamba?

A Duncan akudikira, nanenso ndikudikira.

Ine mwana wanu,
Idah