Ndudu za a Silvester

Lachiwiri, 8 Julaye 2025

Kuzizira. Chifunga pa Biriwiri mpaka dzuwa litakwera. Msonkhano wa komiti ya msika pa shedi ya tomato, kunabweranso mayi wa ku khonsolo ndi a zaumoyo. Tagwirizana: ndudu osagulitsa kwa mwana wosakwana zaka 18, ngakhale atumidwe ndi kholo. Wopezeka, chindapusa. Kachiwiri, kutsekeredwa. Mapaketi achoke pafupi ndi maswiti.

A Nicholas a okala yoyandikana ndi golosale yanga anadandaula: "Ndiye ife tizidya lamulolo?" Anthu kuseka. Koma manja tinakweza tonse.

Ine mtima pansi. Kukana wekha amakuti wonyada, mwana amangopita khomo lina. Tsopano tikana tonse. Mapaketi ndawakweza pa shelefu yapamwamba, kuseri kwa makandulo.

Lachinayi, 10 Julaye

Woyamba kumukaniza, Atikonda. Mwa ana onse a pano, iyeyo. Mdzukulu wa a Silvester, wa Sitandade 5, yunifolomu yothina m'khwapa. "Agogo andituma ndudu ziwiri." Mawu ake a masiku onse.

Ndinati sizithekanso, ukawauze agogo kuti ndi lamulo la msika. Anaima nthawi yaitali, ndalama ili m'manja. Maswiti omwe ndinam'patsa anawasiya pa kauntala.

A Silvester. Malo amene pali golosale ino ndi iwo anapatsa malemu apongozi anga a Abubakar, atangofika kuchokera ku Balaka, nthawi imene ena ankati anthu a mzikiti akakhale kwina. Pa maliro a apongozi, khasu loyamba kumanda linali lawo, Mkhristu wa m'banja lodzaza ndi amayi a Mvano ndi madikoni. Mwendo unawavuta chaka chatha, sakweranso kuno kumsewu. Ndiye ine, mtengwa wadzana, kuwamana fodya.

Chakudya sichinalowe.

Lachisanu, 11 Julaye

Foni ya bambo a Fadila kuchokera ku Joni. Ndinawafotokozera. "Lukia, a Silvester si kasitomala, ndi bambo athu. Ukanangokulunga m'pepala." Ndinati nanga atitsekere? Iwo: "Ndani angaone?" Ndinati Mulungu, ndi a Nicholas. Sanaseke. Mayunitsi anatha tisanamvane.

Masana Esnath, mayi a Atikonda, anadutsa pakhomo pompa ndi dengu la kabichi. Moni wanga sanayankhe, ngakhale kucheuka. Ndiye kuti nkhani yafika.

Malonda a ndudu atsika pang'ono. Sopo ndi mafuta zikuyenda. Fadila chimfine.

Lolemba, 14 Julaye

Ndaona ndi maso anga. Atikonda kuoloka msewu wa M1 kupita kutsidya, mbali ya Mozambiki, kumene kuli nyumba za kachasu. Kumeneko komiti yathu ilibe mawu. Pobwerera, thiraki ya simenti ikutsetsereka, hutala mpaka m'mutu. Mwana anaima pakati pa msewu, kenaka liwiro. Anaoloka. Patapata imodzi inatsala pa phula.

Ndinakhala pa thumba la shuga. Kufuna kumuteteza mwana, ndamukankhira kwa oledzera ndi mathiraki. Mawa ndikupita kwa a Silvester. Andikalipire, bola tithane.

Lachiwiri, 15 Julaye

Alhamdulillah.

Nditaswali masana ndinatseka golosale. Shuga m'jumbo, paketi ya ndudu yomanga pa nsonga ya chitenje. Njira yonse yotsetsereka kudimba ndikuyeseza mawu opepesa.

Ndinawapeza pakhonde akusankha mbewu ya nyemba, mwendo atautambasula pa mpando. Nkhope yowala. "Amake Fadila, mwatikumbukira lero. Kapena mwasochera?" Munthu wokwiya salandira choncho.

Ndinagwada, n'kuika paketi pa mphasa. Ndinati bambo, musamutumenso mwana, fodya wanu ndizibweretsa ndekha. Anayang'ana paketi, anayang'ana ine. Kuseka mpaka kutsokomola. Akuti fodya anasiya Isitala ya chaka chatha, a dokotala atawauza kuti asankhe, ndudu kapena mapapo. Chisiyireni sanakhudzenso.

Anamuitana Atikonda. Mwana atangoona paketi, misozi. Zonse zinatuluka: amene amamutuma ndi achimwene ake a Austin, a Fomu 2. Anamuuza kuti azitchula agogo chifukwa amayi a pagolosale sangawakanize agogo. Akaulula, khofi.

A Silvester anabwezera nyemba m'lichero. Kenaka: "Ndiye kuti dzina langa lakhala likusuta ine mwini wake osadziwa."

Za Esnath ndinafunsa mwamanyazi. Akuti Lachisanu dzino linamutupitsa tsaya, ankathamangira lole ya ogula kabichi, sankaona munthu. Ine masiku onsewa kudzizunza ndi dzino la mwini.

Anandipatsa mbatata ya kachewere, yambiri moti Atikonda anandinyamulira mpaka kumsewu. Panjira anandigwira dzanja. Paketi ndabwera nayo.

Lachinayi, 17 Julaye

Esnath m'mamawa, tsaya litaphwa. Anakhala pa benchi mpaka tiyi kuzizira. Akuti Austin anayamba pa Khirisimasi, ndi anyamata onyamula matumba pa boda. Iye ankamva fungo pa malaya, mnyamata n'kumati ndi utsi wa m'minibasi. "Mukanapanda kukana, mayi, ndikanadziwa liti?"

Mnyamatayo sanam'menye. Agogo ake anamukhazika pakhonde, anamuvulira malaya kumuonetsa nthiti, n'kumufotokozera za miyezi ija ankalavula magazi m'chitini. Anamuuzanso kuti apepese mlongo wake pamaso pa onse. Chimenechi akuti ndicho chinamuwawa kwambiri.

Atikonda saolokanso msewu. Chimenecho chokha chikundikwanira.

Bambo a Fadila anaimba. Ndinawauza zonse. Kenaka anafunsa ngati denga la kuseri likudonthabe, akuti atumiza ya malata. Kupepesa kwawo n'komweko. Ndalandira.

Loweruka, 19 Julaye

Tsiku la msika, anthu pikitipikiti. A komiti anayendera maokala onse. A Nicholas nawo achotsa ndudu patsogolo, akung'ung'udzabe, koma ndinawamva akubweza kamnyamata: "Abambo akowo alibe miyendo?"

Wapampando akuti apita kukacheza ndi ogulitsa a kutsidya. Lamulo lathu silifika kumeneko, koma ambiri ndi alamu ndi asuweni a anthu omwewa, maliro timalira limodzi. Mwina amva. Mwina ayi.

Austin anadutsa ndi anzake, nkhope kumbali. Mmodzi anati "apolisi aja ndi amenewa," ena kuseka. Zinandibaya pang'ono. Pofika madzulo ndinali nditaiwala. Mandasi anatha onse, Fadila wachira.

Lachiwiri, 22 Julaye

Austin wabwera yekha. Anaima pakona kudikira kuti makasitomala achoke, manja m'thumba, maso ofiira. Ndinaganiza kuti wabwera ndi mwano. Ndinakonzeka.

Anapempha mtedza wokazinga. Akuti a zaumoyo amuuza kuti chilakolako chikabwera azitafuna kanthu. Kuyambira sabata yatha sanasute, mutu ukumuwawa, m'kalasi tulo tokhatokha. Ndinam'thirira wodzaza, woonjezera pamwamba. Zopepesa sanatchule, inenso sindinazifune.

Potuluka anacheuka: "Amayi, kodi zimathadi?" Ndinati ine sindinasutepo, mwanawe, koma agogo ako ndi aja akusankha nyemba. Anagwedeza mutu.

Wakhala pa benchi panja, akutafuna. Kutsidya kwa msewu anzake aja aima pa khonde la kachasu, akumuimbira likhweru. Sanadzuke. Ndikulemba pano ndikumuonera pawindo, wayamba kusenda kachiwiri mtedza wosenda kale. Likhweru lina. Adakali pompo.