Munasenda Waya ndi Mano

Lero zakwana zaka zitatu chitisiyireni, bambo a ana anga. Chithunzi chili pamwambachi ndachita kusankha dala, chija mukuseka dzino lobenthuka lili pamtunda. Alongo anu amafuna cha suti, chotseka pakamwa, ine ndakana. Anthu alione dzinolo, pakuti nkhani yonse yagona pamenepo.

Moyo wanu wonse munali wokonza mawaya a magalimoto, mpaka anzanu kugalaja ankangokuitanani kuti a Batire. Chosendera waya munali nacho m'thumba la ovolosi, koma inu ayi, mano basi, n'kulavulira kapulasitiki pambali uku mukuimba mluzu. Fyuzi ikapsa munkangolumikiza ndi kawaya, galimoto n'kulira, mwini wake n'kumakutamani. Magetsi a batire la galimoto ndi ofatsa, mphamvu yake ndi yochepa, ndipo anakulekererani mpaka imvi. Kuseka kwanu kunkamveka kuchokera kumsewu musanafike pageti, ndipo sindinama, madzulo ndimatcherabe khutu. Ana munkawalangiza kuti asanagwire chilichonse azichotsa kaye waya wa batire. Malangizo abwino zedi, koma anali a anthu ena, osati a inu mwini.

Mzime wathu, mtsikana uja munkamuti Kasipanala, anakulira pansi pa magalimoto akukupatsirani zida. Ndinu munamukondetsa ntchitoyi, ndinunso munayenda msewu wonse kudzitama atamaliza maphunziro a magetsi a m'nyumba. Atayamba kugwira ntchito, chinthu choyamba chimene anaganiza chinali ife makolo ake, kuti tisamakhale mumdima magetsi akazima. Anaika masola padenga, mabatire pakona ya pakhonde, ndi kabokosi kotchedwa inveta pakhoma. Tsiku lomwelo anakukhazikani pansi patebulo lodyera, ine ndili pomwepo. Anati magetsi amene munazolowera inu amayenda kulowera mbali imodzi, ngati madzi mupaipi. Kenako anatenga macheka anu odulira zitsulo n'kuyamba kukankha ndi kukoka, nati magetsi a m'nyumba amayenda chonchi, kupita ndi kubwerera mofulumira kwambiri, ndipo mphamvu yake ndi yaikulu. Anati ntchito ya kabokosi kaja ndi kutenga magetsi ofatsa a m'mabatire n'kuwasandutsa aukaliwo, kotero chotuluka m'soketi iliyonse sichilinso cha batire. Amenewo akakugwirani, dzanja limafumbata waya osafuna ndipo mtima umasokonezeka kagundidwe.

Inu munaseka mpaka misozi. Munati dzira likuphunzitsa nkhuku kuikira, ndipo chochokera m'batire ndi cha batire basi, chivale jekete kapena chisavale. Mwana anabwereza kawiri, kachitatu anangokusiyani chifukwa cha ulemu. Paja ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Ndiye tsiku lija. Khoswe anali atatafuna chingwe cha firiji, ndipo kaswichi kotetezera kamene mwana anaika kankangozimitsa nyumba yonse. M'malo mofunsa chifukwa chake, munakalambalala ndi kawaya monga munkachitira ndi mafyuzi kugalaja, ati kakusokosa. Masana ake chingwe chinadukiratu, firiji inasiya, madzi ali thapwithapwi pansi m'khitchini. Magetsi akuluakulu ochokera mumsewu anali atazima dera lonse, nyumba yathu yokha ikuyendera mabatire. Ndinakuuzani kuti mudikire mwana aweruke, kapena muzule kaye pulagi pakhoma. Munandiyankha kuti magetsi akuluakuluwo azima, otsalawa ndi anzanu amene munakula nawo. Munagwada m'madzimo opanda nsapato, n'kutenga mbali ya chingwe imene inali ikadali kukhoma, n'kuiika pakamwa. Zotsatira zake sindilemba, ndinaziona ndekha ndipo zandikwana.

Tsono mukudziwa zimene munatisiyira? Tisanakuikeni n'komwe, alongo anu anali atagamula kale mlandu. Ati mwana wamkazi ndi magetsi wapi ndi wapi, wabweretsa makina akupha m'nyumba, wapha bambo ake ndi manja ake. Wamkulu mwa alongo anuwo anachita kumuloza chala pamaso pa anthu, mwana maso atatupa ndi kulira. Amisiri awiri anabwera kudzayeza mawaya onse, napeza ntchito yake ili bwinobwino, napezanso kawaya kanu kaja pa swichi. Ndinawauza alongo anuwo, ndinawaonetsa kawayako, koma makutu awo ndi ofanana ndi anu, magazi amodzi. Kwa iwo mlongo wawo sankalakwa. Chaka chatha analemba chikumbutso chawo, ati munachoka modzidzimutsa chifukwa cha kusasamala kwa ena. Enawo ndani? Dera lonse linadziwa amene akunenedwa.

Choipa n'chakuti mwanayo anakhulupirira. Amati akanapanda kuika kabokosi kaja bwenzi muli moyo. Chikwama chake cha zida anachikankhira pansi pa bedi sabata yomweyo, ntchito anasiya, nakapeza kachipinda kutsidya kwa tauni. Panopa amapinda zovala m'sitolo ya mwini, munthu woti ankayatsa nyumba zosanjikizana. Akabwera kudzandiona amaima pageti, kulowa ayi. Babu la m'chipinda mwake likapsa amaitana aneba kuti amusinthire. Wawonda, bambo, mukanamuona simukanamuzindikira, ndipo ine zimandipweteka kuposa manda anu.

Musaganize kuti sitikulirani. Wachisamba wathu akamva fungo la girizi amatuluka panja kukapukuta m'maso. Adzukulu amafunsabe za agogo oimba mluzu. Anzanu kugalaja sanachotse mpando wanu wa tayala uja. Inenso mbali yanu ya bedi sindigonako. Koma ndakwiya nanu, ndipo zaka zitatu sizinachepetse mkwiyowo ngakhale pang'ono. Munali ndi mwana wodziwa zinthu, wokukondani, amene anakuuzani zoona momveka bwino, inu n'kusankha kumvera mano anu. Munapita kukapuma, mtolo n'kusenzetsa iye.

Ndikudziwa kuti m'zikumbutso anthu amalemba zokoma zokhazokha, ndipo foni yanga lero ilira mpaka kutentha. Ilire. Alongo anu awerenge, aneba awerenge, akugalaja awerenge, koma makamaka awerenge mwana wanga: bambo ako sanafe ndi ntchito yako, anafa ndi makani awo. Ngati mawu awa akuchotserani ulemu, pepani, wakufa saopa kuwola. Mwanayu ndiye ali moyo, ndipo ali ndi zaka zambiri kutsogolo zoti ayende mutu uli m'mwamba. Mawa m'mawa ndikwera basi ndi nyuzipepala ino kukhwapa ndi chikwama chake cha zida pamutu. Ndikachitula pakhomo pake, ndipo sindichokapo mpaka achitsegule.

Kukuiwalani ndiye ayi, sitidzakuiwalani mpaka tidzakupezeni. Koma za kukukhululukirani, dikirani kaye mwana alowe m'nyumba.

Ndine mkazi wanu, pamodzi ndi ana ndi adzukulu.