Zigamba pa Njinga ya a Haswell

Lolemba, 3 Juni 1946
Chisanu. Atsikana asanu ndi anayi okha ku kalasi yanga yosoka. Nkhani m'mudzi wathu wonse wa Magodi ndi imodzi: a Haswell abwerako ku Bulawayo ndi njinga ya mpikisano. Ndaiona ikudutsa pasukulu. Yofiira. Mahandulo opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa, matayala owonda ngati chala changa. Eni ake kachipewa koyera, kabudula, masokosi ofika m'mawondo, mphuno pafupi kugunda tayala. Amama akuti, "Akufunanji pansipo, ataya singano?"

Atate aakulu abweranso ndi nkhani ya a Danwell, aja anafedwa mkazi chaka chatha. Akufuna kundikwatira. Ng'ombe zawo, nkhokwe zawo. Za mano awo anayi otsalawo sanatchule.

Lachinayi, 6 Juni
Pochokera kudambo ndi mtsuko, ndapeza a Haswell akukankha njinga. Tayala lakumbuyo laphwa. "Monire, a Justina," koma maso kutchire. Pampu ali nayo, zigamba alibe, kumata sadziwa. Akuti ku Bulawayo umangosiya kwa okonza, iwe nkumamwa tiyi.

Ndakatenga kachitini ka malemu adada. Zaka khumi ndi ziwiri ali mesenjala wa njinga wa pa Boma, ine ndiye wowagwirira chubu. Supuni ziwiri zotsegulira tayala, guluu wotsala pang'ono, chubu chakale chodulako zigamba. Madzi a mumtsuko ndathira m'beseni. Thovu pamodzi pokha, munga wa mthethe. Kukwecha ndi mwala, kupaka, kudikira guluu aume. Iwo amafuna kumata pomwepo, ndawamenya dzanja. Ndazindikira nditamenya kale!

Pochoka athokoza: "Yewo chomene. Koma musauze munthu, chonde."

Fungo la guluu landikumbutsa adada. Ndalirako pang'ono kuseri kwa nkhokwe. Madzi ndakatunganso ena.

Lamulungu, 9 Juni
Titatuluka m'tchalitchi, amuna onse mbwee pa njinga. A Haswell akuwaphunzitsa kamatidwe ka chubu. "Chinsinsi nkudikira guluu aume." Ine ndangotsokomola. Anditembenukira, kachipewa kagwa.

Lachisanu, 14 Juni
Mawa masewera a pa Boma. Anjinga adzanyamuka kumeneko, kudzatembenukira pamlatho wathu. Msewu wonse minga yokhayokha, anthu adula mthethe wotchingira madimba.

Atate aakulu akuti a kwa a Danwell abwera sabata yamawa kudzamaliza nkhani. Ine chakudya chakanika.

Kachitini ndakaika mumtanga, pansi pa mtedza. Sindikudziwa chifukwa chake. Bodza, ndikudziwa.

Loweruka, 15 Juni
Ndangofika kumene kuchokera kumlatho.

Pamlatho anthu ngati pamaliro a mfumu. Atate aakulu ndi a Danwell pampando umodzi. Fumbi patali, kenako chofiira. A Haswell patsogolo, anzawo osaoneka nkomwe. Amayi nthungululu. Atangotembenuka, phwiii, lakutsogolo. Atsika. Ayang'ana tayala, ayang'ana amuna aja anawaphunzitsa Lamulungu. Wina wakuwa, "Matani, aphunzitsi, tione!"

Sanapemphe. Angondiyang'ana basi.

Mtedza wonse ndakhuthulira pansi. Ndagwada pakati pa msewu, chitenje m'fumbi. Beseni panalibe, ndamiza chubu mumtsinje momwemo. Mabowo awiri. Anjinga asanu ndi mmodzi atidutsa tikudikira guluu, mmodzi njinga yake ya dengu kumbuyo, akuliza belu. A Haswell sanandifulumize ngakhale kamodzi. Apopa okha, akwera, kachipewa asiya m'fumbi.

Akuti panjira apitiriranso anayi, afika achitatu. Wopambana wapatsidwa bulangete, iwo sopo.

Lachitatu, 19 Juni
Masiku anayi atate aakulu osandiyankha moni. Lero aphulika. A Danwell atumiza mawu: mkazi wogwada pamsewu kugwira matayala a anyamata, iwo ayi. "Watichititsa manyazi, ng'ombe zabwerera pakhomo penipeni!" Ndaweramitsa mutu kuti asaone pakamwa panga. Amama atuluka msanga, akuti nkhuku zalowa m'nkhokwe. Nkhuku zinali kudambo.

Koma kumtondo ndiye kuli nyimbo yatsopano: njinga ya ku Bulawayo, mmisiri wake wavala chitenje. Anyamata akuimbira a Haswell paliponse. Sanadutsenso pasukulu. Mwina ndawapha ndi manyazi. Mwina abwerera kwawo kutauni. Guluu watha, kachipewa kali kwa ine, ndakachapa.

Lachiwiri, 25 Juni
A Haswell afika mmawa, wapansi, akukankha njinga. Tayala lakumbuyo laphwanso, akutero. Ndatulutsa chubu, ndapopa, ndamiza m'beseni. Kuzunguliza katatu. Thovu ngakhale limodzi. Valavu ndi imene yamasulidwa, ndipo valavu simasuka yokha.

Ndadzutsa mutu. Kumbuyo kwawo amalume awo a Amock, atavala jekete ndi nsapato, akugwirana chanza ndi atate aakulu pansi pa mango. Munthu savala jekete podzamatitsa chubu.

Ndathawira muno ndi manja akuda bii. Amama ali pakhomo, akuti ndisambe msanga, ndivale diresi yanga ya buluu ija, ndipo ndisiye kulembalemba chifukwa atate aakulu akufuna kumva pakamwa panga ngati a Haswell ndikuwafuna.