Waya wa pa Boyila

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Kuno tilipo, koma osati tonse bwinobwino, ndipo lero sindikubisirani kanthu.

Ndiyambe ndi zabwino, poti inu munkadana ndi munthu woyamba nkhani yoipa asanakhale n'komwe pansi. Achemwali Loveness ku Limbe ali ndi mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Nthanga za maungu munandimangira m'kansalu zija zinamera kuseri kwa nyumba kuno kutsidya la nyanja, ku Brampton. Tadya nkhwani miyezi iwiri, mpaka chisanu chinabwera n'kuzipsereza zonse.

Abambo ndinawatenga monga tinagwirizanirana pa maliro anu. Mutu wawo ukunka nuthawa, Amayi. Masiku ena amanditchula dzina lanu. Koma manja awo aja sanakalambe. Anandimenyapo kawiri ndi ndodo yawo, kamodzi chifukwa cha tiyi wozizira, kachiwiri sindikudziwa chifukwa chake. Ine ntchito yanga ku Etobicoke ndi yosamalira okalamba, ndiye kuzinda ndodo ndimadziwa. Adokotala anandiuza mosapita m'mbali kuti akadzavulaza munthu, adzayenera kupita kunyumba yosungirako okalamba osokonezeka mutu, kumene zitseko zimakhala zokiya. Ndinalumbira pamaso pa mwamuna wanga kuti bambo anga sadzapondako.

Mkamwini wanu Lameck akadali ku ntchito yake yoyendetsa makina onyamula katundu pafupi ndi bwalo la ndege. Mnzake wa kumeneko anamupatsira matenda opanga tisitima ting'onoting'ono. Chipinda chathu chapansi chadzaza tinjanji. Bambo wamkulu wa imvi, kumagwada pansi n'kumakondwa kuti kasitima katuluka m'kaphiri ka pepala! Ndinkamuseka, koma ndinkati bola zimenezo kusiyana ndi mowa.

Pomasula sutikesi yanu tinapeza chithunzi pansi penipeni, chokutidwa m'nyuzipepala. Abambo ali mnyamata, fosholo ya malasha m'manja, ataima pambali pa sitima yawo ya nthunzi ndi mwamuna wina wamtali. Kuseri munalemba nokha kuti, "A Mponda, dalaivala." Chithunzi chimenechi simunationetsepo ngakhale tsiku limodzi.

Lameck anati apanga sitima imeneyo ndendende, mwina Abambo akaiona mtima wawo ukhala pansi. Miyezi itatu anali pa chithunzicho ndi galasi lokulitsira zinthu, kufufuza chilichonse chokhala pamwamba pa boyila, thanki lalitali lija lowiritsira madzi. Anandiphunzitsa ndi ine ndemwe mosafuna. Kutsogolo chumuni. Chotupa chachikulucho ndi mosonkhana nthunzi, chaching'onocho ndi cha mchenga wothira pa njanji kuti mawilo asamaterereke. Kenako wezulo. Kenako sefeti valuvu, imene imatseguka yokha nthunzi ikachuluka, kuti boyila isaphulike.

Chinthu chimodzi ndicho chinamuzunguza mutu. Pa kamkono ka valuvuyo panali waya wotsika m'mbali n'kukamangidwa ku chitsulo chogwirira. Anapita nacho chithunzi ku Markham, ku gulu la madala opanga tisitima amene amatha tsiku lonse akukangana za bawuti imodzi. Wina anati ndi chingwe cha wezulo, wina anati chithunzi chinangokandika. Lameck anabwerako n'kunena kuti, "Mayi a Tadala, palibe amene ali shuwa. Koma chili pa chithunzi, ndiye ndichiika basi." Anasenda chingwe chakale cha foni, n'kutengamo kawaya kowonda ngati tsitsi, n'kukamanga ndendende.

Lamlungu masana, titabwera ku tchalitchi, tinawatsitsira Abambo kuchipinda chapansi. Amayi, mukanawaona! Munthu amene m'mawa womwewo anaiwala dzina langa anayamba kutchula chilichonse. "Iyi ndi yanga iyi. Koma paipi yothira madziyi mwaiphonya, apongozi, imadutsa pansi apa." Lameck akungolemba, mano onse pamtunda. Chala cha Abambo chinayenda pamwamba pa boyila, kudutsa chumuni, kudutsa wezulo, mpaka chinakola pa kawaya kaja.

Anakuwa mawu amene sindinawamvepo. "Masula! Masula waya! Mponda, tuluka!" Ndodo inatera pa sitima, n'kuteranso, tizidutswa kuuluka mpaka kudenga. Lameck anati awagwire dzanja. Ndodo inamupeza pamwamba pa diso, khungu n'kung'ambika, magazi chuu pa malaya ake oyera a kutchalitchi. Lameck atagwa, Abambo anapitiriza, kumsana, m'nthiti, pa zala zimene anaphimba nazo mutu. Ndinawalumphira kumbuyo. Anandiponyera ku khoma ngati mtolo wa zovala, nkhalamba ya zaka zoposa makumi asanu ndi atatu, ndipo dzino langa lam'mbali linatsalira pamenepo. Anasiya pokhapokha ndodo itathyoka.

Atatero anakhala pansi pakati pa tinjanji, akupuma ngati ng'ombe yophedwa, n'kuyamba kulankhula ndi ine ngati akulankhula ndi inu. Anati pokwera mtunda wochokera ku Chigwa cha Shire sitima inkalefuka, valuvu n'kumataya nthunzi imene iwo aisonkhezera ndi thukuta lawo. Ndiye m'mawa wa tsiku limene anajambulitsa chithunzi chija anaimanga ndi waya kuti isatseguke. Anamanga okha, a Mponda asakudziwa. Pakati pa mtunda paipi ina inaphulika m'kati mwa boyila, madzi owira ndi nthunzi n'kutulukira pakhomo la moto. Abambo anali atatembenuka kutapa malasha, zinawapeza kumsana. A Mponda zinawapeza kumaso. Anati khungu la mnzawoyo linatsalira m'manja mwawo pomukoka. Waya uja anamasula okha anthu asanafike. "Iwe wekha ndiwe ukudziwa," anatero. "Chithunzi chija unatentha?"

Ndiye munkadziwa, Amayi. Zaka zonse zija tikafunsa za zipsera za kumsana kwa Abambo, inu munkangoti, "Za kuntchito sizilowa m'nyumba." Koma zinkalowa! Zinkalowa madzulo aliwonse, n'kukupezani kukhitchini. Ndakwiya nanu, ndipo ndikunena poyera. Ndakwiya kuti munasenza chinsinsi cha munthu, iye n'kumakumenyerani chinsinsi chomwecho. Ndipo ndikulira nanu, chifukwa tsopano ndikudziwa kulemera kwake.

Kuchipatala anamusoka Lameck kasanu ndi kawiri. Zala ziwiri zinathyoka. Namwino atafunsa chimene chachitika, iye anayankha msanga, kuopa kuti ndingayambe ndine. Anati anaphonya sitepe potsikira kuchipinda chapansi. Anandiyang'ana ndi diso limodzi losatupalo, kundiuza kuti ndikhale chete, poti ankadziwa lumbiro langa lija.

Nthawi yomweyo ndinakuonani inu, Amayi. Ndinakuonani pa chipatala cha ku Limbe, mkono uli m'chitenje, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi pambali panu, mukuuza namwino kuti mwaterereka kumjigo. Ndinakhulupirira kwa nthawi yaitali kuti mjigo wa kwathu unali woterera kuposa mijigo yonse. Ndinaona kuti ndikakhala chete, mwana wanga Tadala adzakula akudziwa kuti masitepe a kwathu ndi oterera, ndipo tsiku lina ndodo idzapeza iyeyo.

Ndinamuuza namwino uja kuti, "Sanagwe. Amumenya ndi bambo anga." Pakamwa panga panali podzaza magazi, koma mawuwo anamveka.

Abambo ali kunyumba ya zitseko zokiya ija tsopano, sabata yachitatu. Tsiku lowasiya ananditukwana mawu amene sindingakulembereni. Anthu ena akutchalitchi akuti ndataya kholo langa ngati mzungu. Alankhule, dzino ndi langa limene linaguluka. Koma musaganize kuti sizikundipweteka. Ndimadutsa pa chitseko cha chipinda chawo n'kumva ngati ndaba chinthu.

Lameck, ndi zala zake zomangidwazo, anatola tizidutswa tonse n'kuyambiranso. Paipi yothira madzi ija anaidutsitsa pansi monga anamuuzira apongozi ake. Waya sanaikepo. Anati madala a ku Markham adzanena kuti sikufanana ndi chithunzi, koma zilibe kanthu.

Dzulo tinapita nayo sitimayo kwa Abambo. Ndinaima pakati pa Abambo ndi Lameck. Abambo anailandira ndi manja awiri. Chala chija chinayendanso, chumuni, chotupa cha mchenga, wezulo, mpaka pa valuvu. Chinazungulira pamenepo kawiri, katatu, kufunafuna. Kenako anandiyang'ana n'kunditchula dzina lanu.

"Nasibeko, wamasula ndani?"

Ndinati, "Ndamasula ndine."

Anagwedeza mutu, n'kuikumbatira sitimayo pachifuwa. "Ndiye tikwera bwino," anatero.

Ndidzapita kukawaona Lamlungu lililonse, kaya anditukwane kaya andidziwe, mpaka tsiku limene adzabwere kumeneko. Akadzafika, musadzawabisirenso kanthu. Ndipo ndikukulonjezani, Amayi, kuti m'nyumba mwanga simudzamvekanso kuti wina waterereka.

Ndine mwana wanu wokukondani, ngakhale ndakwiya,
Esinati