Ndibwera ndi Wigi Yofiira Ija

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Mwendo wa amayi uja uli bwanji, wasiya kutupa? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ndiye mwauwawitsa inuyo.

Uthenga wanu unandipeza Lachitatu ndili kuntchito, ndikupinda nsalu pakauntala. Mukuti ku ukwati wa mng'ono wathu ndisabwere ndi wigi, ndibwere ndi tsitsi langa lenileni ngati mwana woleredwa bwino, chifukwa akuchimuna ndi anthu opemphera. Ndamvanso kuti chithunzi chomwe ndinatumizira amayi mwayenda nacho khomo ndi khomo, n'kumauza anthu kuti tauni yandizunguza mutu. Zoona achemwali? Mwa anthu onse, inuyo?

Mafunso a tsitsi sindinayambe lero kuwamva. Pasitolo pano sipatha sabata popanda wina wofunsa ngati tsitsili ndi langa. Ndimayankha kuti ndi langa, palibe anandibwereka. Mwezi watha mayi wina wogula makatani anatambasula dzanja n'kuyamba kundigwiragwira kumutu ngati akusankha nsalu. Ndinaligwira dzanjalo n'kuliika pakauntala, ndikumuuza kuti zogulitsa zili pashelefu, mutu wanga suli pamalonda. Abwana anamva, anangotsokomola n'kulowa mu ofesi. Anthu otere ndimawakhululukira chifukwa sadziwa kanthu. Koma inu mukudziwa.

Mawigi ndili nawo atatu, amakhala pawindo la kuchipinda kwanga. Wigi yaifupi yakuda ndi ya kuntchito. Yopotanapotana ndimavala Lamlungu. Yofiira, yofika m'mapewa, ndimavala tsiku lomwe ndadzuka ndikudzikonda, ndipo masiku otere tsopano achuluka. Loweruka ndimawachapa m'beseni, kuwapesa, n'kuwayanika pamsomali wa kuseri kwa chitseko. Poyamba ndinkavala pofuna kubisa, sindikana. Lero ndimavala chifukwa amandikhala, ndipo ndikadziyang'ana pagalasi ndimamwetulira ndekha.

Popeza mwaiwala, ndikukumbutseni. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Amayi atachokapo, inu munabwera ndi kabotolo ka mankhwala owongolera tsitsi, mukuti muphunzirire pamutu panga. Munandipaka, n'kundikhazika pampando pakhonde. Kenako alamu, nthawi imeneyo akadali chibwenzi, anaimba likhweru kugeti. Munati ndisasunthe, mubwera pompano. Ndinakuitanani katatu kuti zikuotcha. Munayankha muli kugeti komweko kuti kuotchako ndiye kugwira ntchito kwake. Pomwe mumadzanditsuka, tsitsi la mbali yakumanzere linatsalira m'beseni ndi khungu lomwe.

Munalira kuposa ine mwini bala. Munandichonderera kuti ndisaulule, amayi akuphani. Iwo atabwera munawauza kuti ndi chipere, ine n'kugwedeza mutu kuvomereza. Miyezi itatu amayi ankandipaka mankhwala a chipere pabala lakupsa, ndipo kusukulu anzanga ankakana kukhala nane benchi imodzi. Pamalopo tsitsi silinamerenso, m'posalala ngati chikhatho. Mpaka lero amayi amadziimba mlandu kuti anachedwa kupita nane kuchipatala. Zaka zonsezi ndatseka pakamwa kukusungirani ulemu, ndiye lero inuyo muziuza anthu kuti ndikuchita manyazi ndi tsitsi lomwe Mulungu anandipatsa? Ayi, zandikwana.

Pempho langa ndi limodzi basi. Ukwati usanafike, khalani pansi ndi amayi muwauze kuti sichinali chipere. Atuleni katundu ameneyu, amusenza mokwanira. Kupepesa kwa ine sindikukufuna, khalani nako.

Ku ukwatiko ndibwera, ndipo ndibwera ndi yofiira ija. Mkwatibwi ndinamufunsa, anangoseka n'kunena kuti ndidzamubwereke ukwati ukatha. Ndikadzapeza kuti amayi mwawauza, ndidzavina nanu, nkhani idzathera pomwepo. Koma mukapanda kuwauza, n'kudzandifunsa za tsitsi langa lenileni pamaso pa akuchimuna, sindidzakangana nanu ayi. Ndidzaivula pomwepo n'kuiika patebulo pafupi ndi keke, ndipo aliyense wofunsa za chipseracho ndidzamulozera kwa inu.

Mupereke moni kwa amayi, muwauze asamaimirire nthawi yaitali. Moni kwa azakhali, kwa mkwatibwi wathu ndi kwa ana onse. Alamu nawonso muwapatse moni, muwafunse ngati likhweru lija amalithabe.

Ndine mng'ono wanu,
uja munkamutcha Kachipere