Mbande za Mitsempha

Mualadzi, Chifunde

Msuweni wanga Zélia,

Kuno tadzuka, nane ndikadali kuphunzitsa pasukulu pomwe paja. Kaya iwe ku Lisboa, dotora wosokoneza mudzi?

Ndakukwiyira. Unawauziranji bambo ako pafoni kuti kuntchito kwanu mumatenga maselula a mluza wa munthu, omwe sanakhale chiwalo chilichonse, n'kuwalera m'timbale mpaka asanduke mitsempha ya ubongo? Amalume ndi mlimi wa fodya, iwo anamva nazale. Akuti mwana wawo wafesa mbande za mitsempha, ndipo adzabwera kudzawokera m'mutu mwawo mvula yoyamba ikagwa. Mapiritsi a matenda awo a kunjenjemera aja anasiya, ati angawononge nthaka.

Ndinawafotokozera kuti zanuzo n'zoyeserera, sizinafike pa wodwala. Anandiyankha kuti, "Iwe univerisidade inakuphunzitsa kukana basi. Ku Zambia ankatinso sitidzabwerera kwathu, nanga pano tili kuti?"

Dzanja lawo lija tsopano silifikitsa kapu pakamwa. Lamulungu anagwa pakhomo la tchalitchi, n'kudzuka akuseka. Amangokhala pabwalo kuyang'ana mitambo ya ku Cassacatiza, ndipo yayamba kuda. Aimbire, uwauze wekha, ine sandimvera. Usadikire mvula.

Ukaona zilembo zanga zikuvina, usaseke. Choko chikumandipulumuka m'kalasi masiku ano, ndipo ukukumbuka mmene malemu amayi, mlongo wa bambo ako, anayambira kunjenjemera kumsasa wa othawa nkhondo ku Zambia kuja. Mwina n'kutopa chabe.

Komabe tandiuza, mbande zakozo zidzafika powokera liti?

Ndine msuweni wako wokwiya,
Valdemar