Pulinta Yoopa Abwana

14 Ogasiti

Okondedwa achemwali,

Khalani pansi, itanani alamu ndi ana, muzimitse wailesi. Ndikulengeza ku banja lonse kuti Lachiwiri lapitali, cha m'ma 11 koloko m'mawa, pepala linatuluka mu pulinta. Sopo amene munkanditumizira zaka zinayi ku yunivesite uja sanapite pachabe.

Kampani yathu inandituma ku ofesi ina ya maloya. Mwini wake antchito amamutchula kuseri kuti a Mwamva, poti satha kumaliza mawu osaikapo "mwamva?" kumapeto. Dandaulo lawo linali lakuti pulinta yakhala ikuchita makani milungu itatu. Nthawi zina imasindikiza bwinobwino, koma abwana akangofuna chikalata cha kukhoti, zii. Makompyuta onse amati sakuiona pa netiweki, chonsecho ili pakona pomwepo, kanyali kake kakuyaka ngati munthu wosalakwa.

Wolakwa anali atapezeka kale ine ndisanafike: mayi sekilitale, a imvi m'mbali, amene akhala pa desiki imeneyo zaka makumi awiri ndi ziwiri.

"Amangodina zinthu zimene sakuzidziwa, mwamva?" anatero abwanawo, mayiwo ali pomwepo. "Zamakonozi zinawapitirira. Inu konzani, zinazo ndathana nazo kale, mwamva?"

Abwana atalowa m'chipinda chawo, mayiwo anandinong'oneza kuti kalata yowachotsa ntchito anailemba okha m'mawa womwewo, abwana akuwayalira mawu.

"Nanga ili kuti?" ndinafunsa.

"Ndaitumiza kasanu ndi kawiri, mwanangu, koma pulinta ikukana. Mnzanga mu ofesi muno ndi yomweyi."

Ndinayamba ndi zimene tonse a ntchito imeneyi timayamba nazo: kuzimitsa, kuyatsa, kukwawa kunsi kwa madesiki. Ndinapezako fumbi, nsapato imodzi ya mwendo wamanzere, ndi chingwe china chosapita kulikonse. Zingwe zofunika zonse zinali m'malo mwake. Ndili chogwada choncho, mayiwo anawerama ngati akutola cholembera.

"Imaopa abwana," anatero. "Akapita kukhoti imagwira ntchito mpaka kutentha. Akangolowa pakhomo, yafa. Ndinaona kalekale, koma ndani angawauze?"

Achemwali, digiri yanga inachita manyazi. Ndinatsegula mndandanda wa mu rauta, kabokosi kogawa intaneti kaja, ndipo nkhani yonse inali pamenepo. Chida chilichonse pa netiweki chimakhala ndi nambala yakeyake, ngati nambala ya nyumba. Pulinta inali ndi yake kuyambira kale. Koma milungu itatu yapitayo abwana anagula foni yatsopano, ndipo kabokosi kaja, mopanda nzeru, kanaipatsa nambala yomweyo. Foni ikalowa mu ofesi, makalata onse opita kwa pulinta ankakagogoda m'thumba la jekete la abwana.

Apa ndiulule. Ndikanatha kukonza zimenezi m'mphindi ziwiri, mwakachetechete, n'kunyamula chikwama changa. Koma zikanamveka kuti mayi anawononga, katswiri wakonza, ndipo pepala loyamba kutuluka likanawatumiza kwawo. Choncho ndinaitana antchito onse, n'kugogoda pachitseko cha abwana.

"Bwana, ndikupempha thandizo lanu. Mungayendeko mpaka kugeti, foni ili m'thumba?"

"Ine?"

"Ndi mbali ya kafukufuku, bwana."

Anapita, mapewa ali m'mwamba. Tinkawaona pawindo akudutsa pakati pa magalimoto. Atangofika kugeti, pulinta inatsokomola, n'kuyamba kulavula mapepala. Ndinali nditaiwala kuti imayamba ndi zimene zakhala zikudikira. Linatuluka loyamba, kalata yochotsa mayi ntchito. Lachiwiri, yomweyo. Lachitatu, yomweyonso.

Ndinawakodola kuti abwerere. Atangoponda pakhomo, pulinta inaima. Loya wina wamng'ono anathawira kuchimbudzi atagwira pakamwa.

"Zangochitika mwangozi, mwamva?" anatero abwana.

"N'zotheka, bwana. Tiyeserenso."

Anayenda ulendo umenewu katatu. Kachitatuko sikanali kofunika, ndipo kunena zoona ndikanangowapempha kuti azimitse foni ali chikhalire. Mukudziwa matenda anga, munakula nawo.

Makalata onse asanu ndi awiri atatuluka, mayiwo anawasonkhanitsa, kuwagogoda padesiki kuti alingane, n'kuwapereka ndi manja awiri.

"Musayina iti, bwana?"

A Mwamva anayang'ana mapepalawo, anayang'ana foni yawo, kenako anawang'amba pakati.

"Alembedwa molakwika," anatero. Kwa nthawi yoyamba sanafunse ngati tamva.

Ndinaipatsa pulinta nambala yoti wina asadzailandenso, ndipo ndinatuluka m'menemo ngati mkwati. Mlonda wa pageti anandichitira sawatcha. Mayiwo anandiperekeza mpaka pamsewu, n'kundikonza kolala ya malaya.

Kunyumba kuno tonse tili bwino. Mlamu wanu akupereka moni, ndipo mwana wamera dzino lachiwiri, akuluma aliyense mosasankha.

Alamu mundiperekere moni mwapadera. Muwafunseko, mwa nzeru zanu zija, ngati malo okonza mafoni mu shopu mwawo aja akadalipo, amene ndinawaseka chaka chatha ndikuti si a munthu wa digiri. Lachitatu a Mwamva anaimbira foni kampani yathu kuti ndinawayendetsa ngati mwana pamaso pa antchito awo. Iwo ndi kasitomala wamkulu, ine ndinali wantchito wamng'ono. Chikwama cha zida ndinabweza dzulo.

Amayi athu musawauze kaye. M'mawa uno mayi sekilitale aja anditumizira uthenga wa mawu amodzi okha: "Ikusindikiza." Ndauwerenga kangapo.

Ndine mlongo wanu,
wa digiri uja